Laurenti Bonifasi Akadali Moyo

Cha m'ma sikisi m'mawa, Petronela anali atasesa kale holo yonse, tsache atalitsamiritsa kukhomo, iye atakhala pa laputopu ya pakona ija imene batani lake la A limafuna kulidina ndi mtima wonse. Ndi mmene anapanganirana ndi eni malowo: akasesa, makinawo ndi ake mpaka anzake atafika. Holoyi ili kuseri kwa msika wa Zingwangwa, ndipo amayi ndi atsikana amaphunziramo kulemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero chotchedwa Python. Petronela ndiye wamkulu pa onse m'kalasimo, ndiyenso wochedwa kutaipa. Atsikana amamuseka kuti amajompha mabatani ngati nkhuku pa mphale. Iye amangojomphabe.

M'mawa umenewo chitseko chinatseguka popanda odi. Analowa a Laurenti, apongozi ake, bambo a malemu mwamuna wake. Anali atavala jekete yawo ya kutchalitchi, nsapato zili fumbi lokhalokha, kusonyeza kuti anadzukira minibasi yoyamba kuchokera ku Machinjiri. M'manja anali ndi jumbo. Petronela anatsika pampando n'kugwada.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Akufa sadzuka, mayi. Tandiyang'anani bwinobwino. Ndikuoneka ngati ndinafa ine?"

Anapisa m'jumbomo n'kutulutsa kachitsulo koyera, kukula kwake ngati chikhatho, n'kukagwetsera patebulo, ngwe! Petronela anakatola. Panalembedwa ndi zilembo zakuda zooneka bwino: LAURENTI BONIFASI, 1989 – 2023.

Mwamuna wake anali Bonifasi, mwana wa a Laurenti, ndiye kuti Bonifasi Laurenti. Koma a Laurentiwo bambo awo analinso a Bonifasi, ndipo mwana anangomutcha dzina la agogo ake. Choncho Laurenti Bonifasi ndi mkulu amene anaima pamaso pakeyo, akupuma, mitsempha ya m'khosi itatupa.

"Atcheya a komiti ya ku Manje abwera nako dzulo kunyumba kwanga, ati ndione kukongola kwake," anatero a Laurenti. "Ayamba kukaona ndi mayi anu. Mpaka pano sanadye. Akuti ndi malodza."

"Pepani bambo. Koma chaka chobadwacho si chanu."

"Ndani amawerenga chaka? Anthu amawerenga dzina, n'kuyamba kulira! Tamverani. Loweruka komiti ikukumana ku Manje. Ntchito imeneyi mukaisiye. Che Hussain alemba okha ndi manja ngati mmene amalembera zikwangwani za ma saluni. Ndipo za makompyutazi zithere pompano. Mayi wa mwana, namfedwa, kumakhala ndi tiatsikana kuseweretsa magalasi! Mwana wanga akanakhalapo sakanalola zimenezi."

Petronela sanadzuke pamene anagwadapo, sanakwezenso mawu.

"Akanakhalapo, bambo, sibwenzi tikumulemba pachitsulo. Ndalakwitsa, ndikonza. Koma dzina lake ndilemba ndine."

A Laurenti anamuyang'ana ngati aona njoka m'nsapato. Anatola kachitsulo kaja, kukabwezera m'jumbo, n'kutuluka osatsanzika.

Petronela ndi wa ku Phalombe. Sukulu analekera fomu thu, atate ake atadwala, ndipo anabwera ku Blantyre kudzagwira ntchito yam'nyumba ku Chilomoni. Bonifasi anakumana naye pamene ankamanga mpanda wa mabwana akewo; anali mmisiri wa njerwa, woseka kwambiri, wokonda kuimba akamaponya dothi. Anakwatirana, anabereka Edith, anamanga kanyumba kawo ku Manje, m'munsi mwa phiri la Soche. Petronela ankakazinga zitumbuwa n'kumagulitsa panjira yotsikira ku Chilobwe. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, iye ndi Edith anali kumunsi kwa mchemwali wake, chifukwa mwanayo ankatentha thupi. Bonifasi anatsala kumtunda kuti azipatutsa madzi kuseri kwa nyumba. Phiri linatsika. Thupi lake silinapezeke.

Ndiye kuti Petronela sanagone pa siwa ya mwamuna wake, sanamuone nkhope komaliza, sanaponye dothi pa bokosi. Atachoka pa kampu ya opulumuka anapeza kachipinda ku Zingwangwa, pa poloti imene ndimakhala ine, n'kuyamba kuchapa zovala za anthu. Za kalasi ya kompyuta anazimva kwa mayi wina amene ankamuchapira. Anapita, anamuuza kuti malo adzaza, anapitanso mawa lake ndi tsache.

Chaka chino anthu otsala a m'kanjira kawo ku Manje anagwirizana zoimika thabwa lachikumbutso pamalo pamene panali nyumba zawo, munthu aliyense wotayika ndi kachitsulo kake. Che Hussain, amene ali ndi shopu yosindikiza mumsika wa Zingwangwa, anati makina awo amadula zilembo bwino ngati wina awakonzera maina pa kompyuta, onse ofanana kukula ndi kakhalidwe. Petronela anaimika dzanja. Anati alemba pulogalamu yochita zimenezo. Ena anaseka, koma panalibe wina woimika dzanja. Kwa iye sinali ntchito wamba. Chinali chinthu chokhacho chimene chinatsala choti amuchitire Bonifasi ndi manja ake.

Kachitsulo koyamba, koyeserera, anasankha ka mwamuna wake. Analemba, anadina batani, makina anapanga fayilo. Apo ndi pamene anafooka. Sanathe kuitsegula kuti aone dzina limenelo litagundana ndi 2023. Anangoitumiza kwa Che Hussain pa foni, maso ali kumbali.

Aphunzitsi awo, a Lusubilo Mwafulirwa, mtsikana wa ku Karonga amene anaphunzira zimenezi ku koleji, anamupeza m'mawa uja atagwira tsaya, kompyuta ikungowala.

"Mayi Petronela, kwagwanji? Edith ali bwino?"

"Ndapha apongozi anga, aticha."

Atamva nkhani yonse, a Lusubilo anakoka mpando. "Tiyeni tione fankishoni yanu." Fankishoni, monga Petronela anandifotokozera ine, ndi kantchito kamene umakaphunzitsa kompyuta kamodzi n'kukapatsa dzina, ndiye pambuyo pake umangokaitana n'kukapatsira zofunika. Yake inkatchedwa lemba, ndipo mzere wake woyamba unali wotere:

def lemba(la_bambo, dzina, chaka):

"Mzere uwu munautenga kuti?"

"Pa ntchito ija munatipatsa mwezi watha, ya masatifiketi a ana asukulu."

"Eya. Kusukulu timayamba ndi la bambo. Nanga poitana munalemba bwanji?"

Petronela analoza m'munsi:

lemba("Bonifasi", "Laurenti", 1989)

"Ndalemba bwinobwino, aticha. Bonifasi Laurenti. Ndi mmene ndinkamuitanira."

"Mwalemba bwino kwa munthu. Koma makinawa sadziwa Bonifasi, sadziwa Laurenti. Mukawapatsa zinthu chonchi, popanda kunena kuti ichi ndi chiyani, amangoyang'ana malo. Choyamba kulowa chimakhala pa mpando woyamba. Mpando woyamba pamwambapa ndi wa la_bambo, ndiye Bonifasi wakhala pamenepo. Laurenti wakhala pa mpando wa dzina. Ndiye posindikiza yayamba ndi dzina, monga munaiuzira. Kwathu zimenezi sizikanavuta. Mwafulirwa mumuike kutsogolo, mumuike kumbuyo, ndi Mwafulirwa basi. Koma inu a kuno, Laurenti, Bonifasi, Bonifasi, Laurenti, ngati mukuwerenga litaniya!"

"Ndiye makina anuwa ndi a ku Karonga," anatero Petronela, osaseka.

A Lusubilo anaseka okha, kenako anati, "N'zosavuta. Ingotembenuzani awiriwa, Laurenti ayambe, basi zatheka."

"Iyayi."

"Bwanji?"

"Lero ndatembenuza. Nanga mawa? Loweruka anthu azindiuza maina a abale awo. Amene anapita kusukulu ayamba ndi la bambo ngati akuitana rejisitala. Agogo ayamba ndi la mwana. Kuli a Jemusi Paulo, kuli a Paulo Jemusi. Ine ndikhala ndikulira, ndizikumbukira kuti mpando woyamba ndi wa yani? Ndipha anthu angati?"

Aphunzitsiwo anakoka laputopu. "Izi timafuna tidzaphunzire mwezi wamawa, koma onani." Analemba:

lemba(dzina="Bonifasi", la_bambo="Laurenti", chaka=1989)

"Apa chilichonse chalowa ndi chizindikiro chake. Simukudaliranso malo. Mwanena poyera kuti dzina ndi ili, la bambo ndi ili. Ngakhale muyambe ndi chaka, ngakhale musakanize bwanji, chilichonse chikapeza mpando wake."

Pondifotokozera ine madzulo ake, Petronela anati zili ngati zigubu pa mpope madzi akavuta. Tonse timandanditsa zigubu zachikasu zofanana n'kupita kukaphika. Wina akangosuntha chimodzi, mkangano, chifukwa chimene chimanena kuti chigubu ndi cha yani ndi malo ake okha. Koma cholembedwa dzina ndi penti, chiikeni kutsogolo, chiikeni kumbuyo, chibwerera kwa mwini wake.

Anayesa. Anayamba ndi chaka, anayamba ndi la bambo, ndipo ulendo uno ankatsegula fayilo n'kuyang'ana, ngakhale maso ankamuwawa. Nthawi zonse inkatuluka BONIFASI LAURENTI. Koma sanakhutire.

"Aticha, nanga tsiku lina nditatopa, n'kuiwala zizindikirozi, n'kulemba mwachidule ngati poyamba paja?"

"Ivomera. Njira zonse ziwiri ndi zololedwa. Yachiduleyo ndi yabwino pa zinthu zimene sizingasokonezeke."

"Sindikufuna ivomere. Ndikufuna ikane."

"Ikane?"

"Ikane ndithu. Izindifunsa. Ngati munthu sakunena kuti ndani ndi ndani, isalembe kanthu."

A Lusubilo anamuyang'ana, n'kumwetulira chamumtima. Anabwerera pa mzere woyamba uja n'kuikapo kanyenyezi kamodzi kutsogolo:

def lemba(*, dzina, la_bambo, chaka):

"Kanyenyezi aka ndi mlonda. Chilichonse chobwera pambuyo pake sichilowa popanda kutchulidwa. Yesani zakale zija."

Petronela analemba zakale zija. Kompyuta inatulutsa mawu ofiira, osapanga fayilo. Anayesanso, inakananso. Atsikana anali atayamba kulowa, ndipo wina atasuzumira anati, "Asisi, mukamalemba zitalizitali chonchi mumaliza pa Khirisimasi!" Petronela anati, "Akufawo sakuthamangira kulikonse," n'kupitiriza kujompha.

Loweruka masana anakwera ku Manje wapansi, laputopu ya a Lusubilo eniake ataikulunga m'chitenje, chifukwa za muholo sizituluka. Anthu anakhala pa miyala ikuluikulu ija imene phiri linasiya pamene panali makonde awo. Amuna mbali iyi, amayi mbali iyo. A Laurenti anali pafupi ndi atcheya a komiti, jumbo ija ili pamwendo. Che Hussain analiponso, ndipo nkhani isanayambe n'komwe anaimika manja: "Ine ndimasindikiza zimene ndapatsidwa, abale. Mukandipatsa kuti atcheya ndi mbuzi, ndidula zilembo zokongola ndithu." Anthu anaseka pang'ono, atcheya sanaseke.

Atcheya anafotokoza zimene zinachitika, ngakhale aliyense anali atamva kale. Anati pofuna kupewa zina, komiti ikuona kuti mayi a Edith apume, ntchito ipite kwa amuna. Petronela anaimirira asanapatsidwe mpata.

"Cholakwa ndi changa. Si cha Che Hussain, si cha makina. Sindinayang'ane, chifukwa ndinkaopa kuyang'ana. Apongozi anga ndawapepesa, ndipo ndikuwapepesanso pamaso panu. Koma ntchitoyi sindikusiya."

"Mayi, pano sitikukufunsani," anatero mwamuna wina kumbuyo.

"Nanenso sindikupempha. Tsiku lija munafunsa woti alembe, manja anu anali m'matumba. Amene ali pansi pa miyala mwakhalirayi ndi mwamuna wanga. Sindinamusambitse, sindinamuike. Mukufuna mundilandenso dzina?"

Mayi wina anayamba kusisima. Petronela anamasula chitenje, anayenda kudutsa pakati pa amuna, n'kukagwada pamaso pa a Laurenti, laputopu ataiika pa mwala.

"Bambo, onani. Ndilemba ndendende ngati tsiku lija."

"Mukufuna mundiphe kachiwiri?"

"Ingoonani."

Analemba, anadina. Mawu ofiira. A Laurenti anaweramira pafupi, maso atatsinzina. "Chikuti chiyani?"

"Chikuti sichilemba mpaka tichiuze kuti dzina ndi liti, la bambo ndi liti. Ndiye ndikufunsani inu. Womwalirayo dzina lake ndani?"

"Mukulidziwa, mayi."

"Ndikulidziwa, bambo. Tsiku lijanso ndinkalidziwa."

Mkuluyo anayang'ana kuphiri, kumene chipsera chofiira chija chikuonekabe. Anthu a m'banjamo amati chichitikireni ngoziyo a Laurenti sanalitchulepo dzinalo. Ankangoti mwana wanga, kapena malemu. Kenako analitchula.

"Bonifasi."

Petronela anajompha: dzina, Bonifasi. "La bambo ake?"

"Laurenti. Ndine. Ndilipo."

Anadina batani, anatsegula fayilo, n'kutembenuzira galasi kwa iwo. A Laurenti anawerenga ndi chala, chilembo chimodzichimodzi, osakhudza galasilo. Atamaliza anati, "Tayambani ndi langa, tione ngati sichinama." Petronela anayamba ndi la_bambo, dzina pambuyo. Inatuluka chimodzimodzi. Anamuuza ayambe ndi chaka. Chimodzimodzi. Anakhala tsonga, anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kutembenukira kwa atcheya.

"Asiyeni alembe."

Kenako, motsitsa mawu, kwa mpongozi wawo: "Za sukulu zanuzo tidzakambirana."

"Lolemba ndikupita, bambo."

"Ndati tidzakambirana."

"Ndamva. Tidzakambirana ndikaweruka."

Che Hussain, pofuna kuziziritsa zinthu, anatambasula dzanja kuti alandire kachitsulo kolakwika kaja akakafufute. A Laurenti anakumbatira jumbo yawo. "Aka ndi kanga. Kali ndi dzina langa. Tsiku langa likadzafika mudzangosintha zaka, musadzavutike." Apo ndiye anthu anaseka zenizeni, ena akupukuta misozi.

Madzulo onsewo mabanja ankabwera mmodzimmodzi kudzakhala pa mwala uja. Petronela sankalola munthu kungotchula maina awiri motsatizana. Ankafunsa padera: dzina lake? La bambo ake? Anabadwa liti? Ena ankakwiya kuti akuwafunsa ngati apolisi. Gogo wina anatchula maina a mdzukulu wake, n'kuima, n'kuti, "Iyayi, dikirani, Paulo ndi bambo akewo." Petronela anangokonza.

Zinaima pa munthu mmodzi. Kumapeto kwa kanjirako kunkakhala mayi wina wa lendi, wogulitsa makala, amene aliyense ankamuitana kuti amake Hidaya. Anapita ndi madzi limodzi ndi Hidaya wakeyo. Kachitsulo ka mwanayo kanalembeka, chifukwa anzake a kusukulu ankadziwa maina ake onse. Koma a mayiyo panalibe wowadziwa. Mwamuna wake anapita ku Joni kalekale, nambala yake palibe ali nayo. Eni nyumba imene ankachita lendi nawonso anapita ndi madzi. Petronela atasiya malo a dzina osalemba, pulogalamu inakana.

"Ingolembani Amake Hidaya, tonse timawadziwa choncho," anatero atcheya.

"Asanabereke Hidaya ankawaitana chiyani?"

Lolemba, a Lusubilo anamuonetsa njira ina. Anati fankishoni ukhoza kuiuziratu kuti dzina likasowa izingoikapo mawu akuti Osadziwika, n'kupitirira. Petronela anati njirayo aiphunzira, idzathandiza pa zina, koma pa iyi ayi. Anati mayi amene ankamuthirira makala apamwamba pa mbale masiku amene zitumbuwa sizinayende sangakhale Osadziwika chifukwa choti anthu atopa kufunsa.

Thabwa linaimikidwa. Tizitsulo tonse tili pamenepo, ka Bonifasi Laurenti kali pa mzere wachiwiri, ndipo a Laurenti anakakhoma okha misomali. Pafupi ndi ka Hidaya pali malo opanda kanthu, mabowo a misomali ataboola kale. Petronela wafunsa ku mzikiti wa kufupi, wafunsa kwa ogulitsa makala anzawo a ku Chilobwe. Wina akuti mayiyo anali wa ku Machinga, wina akuti wa ku Mangochi. Sukulu akupitabe, kusesa akusesabe, ndipo apongozi ake sanabwerenso kudzakambirana.

Nditamuuza kuti ndikufuna kulemba za iye, ndinali ndikusambitsa mwana pakhonde, iye akuyanika zovala za anthu pa chingwe chathu. Anayamba wakana, ati ndani angawerenge za munthu wochapa. Kenako anaima, malaya onyowa ali m'manja.

"Chabwino, lembani, asisi. Koma zonditama musachulutse, sizindithandiza kanthu. Kumapeto kwake muikeko izi: mayi ankagulitsa makala kumtunda kwa Manje, wamtali, wa mpata kumano, wovala mpango wobiriwira, mwana wake Hidaya. Amene akudziwa dzina limene anapatsidwa atabadwa, ndi la bambo ake, abwere ku holo ya kuseri kwa msika m'mawa, andipeza ndikusesa. Ndipo akabwera asadzangotchula awiri pamodzi. Adzandiuze kuti lake ndi liti."